Choikiza Chopanda Kamwa

"Ankolo, mwanipaya! Mwanipaya imwe!"

Anakuwa choncho mtsikana wa ku Chipata, m'chipinda chozizira chapansi pa yunivesite ina pakati pa London. Ine n'kuti nditagwira kachubu kagalasi m'manja, dontho lili lende kunsonga. Mapampu a mpweya ankangolira m'mathanki. Ndinamuyankha mmene ndimayankhira aliyense wondikwezera mawu.

"Iwe, usandikalipire ngati ndine mwana wako! Ndakupha ndi chiyani? Si kukuthandiza kumeneku?"

"Kunithandiza? Mwatapa mu botolo iyo, mwaika mu mbale yanga. Naona na maso yanga. Kangati mwachita so?"

Chinyanja chake cha m'tauni chija masiku onse chinkandiseketsa. Tsiku limenelo ayi. Ndinali ndisanamuonepo choncho.

Ndifotokoze kaye mmene ndinapezekera m'chipindamo. Ndinabwera ku Mangalande potsatira akazi anga, amene ndi namwino. Ntchito yanga yoyamba inali yosamalira okalamba, ndipo inatha chifukwa cha pakamwa panga. Bambo wina wa kutchalitchi kwathu ku Barking ndiye anandilozera ya kuyunivesite. Ntchito yake inali yosungunula mchere m'migolo kuti madzi akhale ngati a kunyanja yamchere, kutsuka mabotolo popanda sopo ngakhale pang'ono, kulima ndere m'mabotolo owala, ndi kudyetsa ziweto. Ziweto zake zinali tizilombo tozungulira ngati mandimu, minga thupi lonse. Kwathu kulibe dzina lake, ndiye ine ndinkangoti tinungu ta m'nyanja. Ntchitoyo ndinkaikonda. Tinungu sitiyankha. Komabe ndinali ndi kalata yochenjeza m'kabati mwa abwana, chifukwa ndinatukwana mlonda wa pageti amene ankandifunsa khadi m'mawa uliwonse ngati nkhope yanga imasintha usiku. Kalatayo inati ndikadzalakwanso kamodzi, basi.

Mtsikana uja anabwera m'chaka changa chachiwiri kudzachita maphunziro a udokotala wa za sayansi. Anandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa mgolo utandipsinja chala, ndipo anaseka mpaka kugwira khoma. Kuyambira pamenepo ndinakhala ankolo. Msinkhu wake unali wa mwana wanga woyamba. Nditamufunsa chimene ankaphunzira, anandiyankha mosavuta.

"Nisebenza na majini, ankolo."

Ndinaika botolo pansi. Ine ndinakulira pafupi ndi anthu amene ankati wakuti wagwidwa ndi majini, akumumanga ndi zingwe.

"Majini? Mwana wa Mkhristu iwe? Makolo ako anagulitsa ng'ombe kuti udzawete majini kwa azungu?"

Anaseka mpaka misozi. Kenako anandifotokozera kuti si ziwanda ayi, ndi tija tinaphunzira ku sekondale pa bayoloje, timalangizo ta m'thupi timene mwana amatengera kwa makolo. Ndinakumbukira nandolo wamtali ndi wamfupi wa m'buku la folomu 4. Iye anati jini imene ankaisaka ndi imene imauza mluza kuti apa ndiye pakhale pakamwa.

Tsiku lina anandiitana kuti ndione pa maikulosikopu. Anali atabaya tinungu tiwiri ndi jakisoni kuti titulutse mbewu, yaikazi yachikasu, yaimuna yoyera, n'kuzisakaniza. Patapita masiku awiri, mluza uliwonse unali kampira kozungulirazungulira m'madzi, kali ndi kadzenje kamodzi kolowa m'kati.

"Ndiye pakamwa pamenepo?" ndinafunsa.

"Iyayi. Uko ni kumatako."

"Iwe!"

"Zoona. Kumatako kumayamba, kamwa imabwera pambuyo. Na ise bantu ni chimodzimodzi. Na imwe, ankolo, munayamba na uko."

Ndinatuluka m'chipindamo osatsanzika. Ndinali nazo m'mutu sabata yathunthu. Lamulungu kutchalitchi ndinkayang'ana akuluakulu a mpingo atavala masuti awo, ndikuganiza za kadzenje kaja, pemphero osalimva.

Ntchito yake yeniyeni inali yopweteka maso. Ankandandalika mazira pagalasi, n'kumabaya limodzilimodzi ndi singano yagalasi yopyapyala kuposa tsitsi. Tikaswa, tianato ankatiika m'timbale tagalasi khumi ndi tiwiri, tolembedwa manambala okha. Abale awo osabayidwa ankakhala m'botolo lalikulu pashelufu. Lachisanu ndi Lolemba iye ankaphunzitsa ana a chaka choyamba, ndiye anandisiyira ine.

"Muzidonthezera ndere mu mbale zonse mofanana. Musasankhe. Ni vana vanga ivi, ankolo, namisiyira."

Mawu amenewo ndinawamva bwino. Anandiikiza.

Lolemba loyamba ndinayang'ana mbale iliyonse pa maikulosikopu monga anandiphunzitsira. Kanungu kakang'ono kakadya, mimba yake imaoneka yofiirira ndi ndere, chifukwa thupi lonse ndi loonekera m'kati. M'mbale zisanu ndi zinayi tiana tinali tokhuta, tikusambira. M'mbale yachinayi, yachisanu ndi chiwiri ndi yachisanu ndi chinayi, mimba zinali mbee. Tina tinali titagona pansi. Tina tinali titayamba kale kusungunuka.

Ndinayamba kudzifunsa. Kodi mchere ndinachulutsa? Kodi botolo lina linakhudza sopo? Ndinakumbukira kalata ija m'kabati. Ndinakumbukiranso mwana wa eni atawerama tsiku lonse pa singano yake mpaka khosi kuuma.

Bambo anga ankasunga mbuzi za mlamu wawo amene anapita kumigodi. Chaka china fisi anagwira imodzi, yamawanga. Bambo sanalembe kalata, sanaitane aliyense. Anapita m'khola mwawo, n'kusankha yamawanga yofanana nayo, n'kuilowetsa m'khola la mlamu. Nditafunsa anati choikiza sabweza chopereweza, ndipo mwini wake samuuza, chifukwa ukamuuza ndiye kuti ukufuna akuthokoze. Ndinakula ndikudziwa kuti munthu woleredwa amatero.

Ndiye ndinatenga kachubu. Ndinachotsa takufa, ndinatapa tamoyo m'botolo lalikulu lija, ta msinkhu womwewo, mayi mmodzi bambo mmodzi, n'kudonthezera m'mbale zitatu zija mpaka chiwerengero chinabwerera. Ndinatsuka kachubu, n'kukhala chete.

Lachiwiri masana ndinamva kufuula. Anatulukira ali ndi chisangalalo chosaneneka, n'kundigwira mapewa.

"Ankolo! Vachira! Vili na kamwa, vikudya!"

"Si ndinakuuza kuti uli ndi ankolo odziwa kuweta?" ndinatero.

Mtima unakhala pansi. Ndinaona kuti bambo anga ankanena zoona. Gulu lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi, mbale zina zitatu, njala yomweyo. Ndinasintha mgolo wa mchere, ndinatsuka zonse kawiri, koma sizinathandize. Ndinabwezeranso. Mtsikana anasangalalanso. Anayamba kujambula zithunzi, apulofesa anayamba kutsika kudzaona, mzungu wamtali wa ndevu zoyera amene kale ankangondigwedezera mutu. Ankalankhulana Chingerezi chawo cha m'mabuku, ine ndikupukuta mathanki, ndikunyadira mumtima. Zinapita choncho miyezi itatu.

Lolemba limenelo kalasi yake inalephereka, ndiye anatsika nthawi imene sankatsika. Anandipeza ndili pakati pa ntchito yanga yachifundo.

"Kangati?" anafunsanso.

"Kasanu ndi kawiri. Tinkafa ndi njala, iwe. Ukanakonda upeze mbale zopanda kanthu?"

Anakhala pansi, pasimenti ponyowa pomwepo, ndi chovala chake choyera. Kenako anadzuka, anandilanda kachubu, n'kusakasaka m'mbale ina imene ndinali ndisanaifikire. Anaika kamodzi pagalasi.

"Yang'anani."

"Ndaona kale ine."

"Yang'anani, ankolo! Sakilani kamwa. Muniuze pamene ili."

Ndinawerama. Kanali kamoyo, kakuzungulira pang'onopang'ono. Timiyendo take toonekera ngati galasi tinalipo. Matumbo analipo, ndi kadzenje koyamba kaja kanalipo. Ndinatsatira matumbo kukwera nawo kumtunda, kumene amayenera kutulukira. Anangothera m'kati ngati msewu wothera pakhoma. Pamene pamakhala kamwa panali posalala, khungu lokhalokha. Timadontho ta ndere tinkabwera ndi madzi, n'kugunda pamenepo, n'kubwerera. Kanthu kaja kankakupizabe timaubweya take, kuitanira chakudya pamalo popanda khomo.

Ndaonapo zinthu pa moyo wanga. Ndasambitsapo maliro. Koma tsitsi linandiimirira chifukwa cha kanthu kochepa kuposa njere ya mchenga.

"Kanabadwa chonchi?"

"Ndine ninachita. Ija singano imazimya jini ya kamwa."

"Mwadala?"

"Mwadala."

"Ndiye miyezi yonseyi ine ndakhala ndikuthira chakudya kwa zinthu zimene iwe unazitseka pakamwa? Ukundiona ndikudontheza, osandiuza?"

"Munayenera kudontheza! Kuti tionetse kuti chakudya chilipo koma sivingadye. Va mu mbale zinangu ninavibaya madzi chabe, na manambala yaja ni yakuti aliyense asazibe mbale iti ni iti."

Apa ndiye ndinapsa mtima zenizeni. Ndinamuuza kuti ndinalakwa kumukhulupirira tsiku lija, kuti majini ake ndi majini omwewo a ziwanda. Ndinamufunsa ngati amayi ake ku Chipata akudziwa kuti mwana wawo amalenga zinthu zoti zife ndi njala chakudya chili pamphuno. Ndinanena zambiri, zina sindingazilembe. Iye anangondisiya mpaka mpweya unandithera.

"Mwasiliza? Ankolo, ngati simuziba mmisiri amene amaika chitseko pa nyumba, mumachotsa mmodzi, muone chimene chasoweka. Kulibe njira inangu. Aunt, bakazi banu, ku chipatala amaona vana vobadwa na kamwa yosapangika bwino. Muganiza tizayambira kuti kumvetsa? Pa mwana wa muntu?"

Zimenezo zinandikwiyitsa koposa.

Kenako anandiuza chimene ndinachita. Iye ankayembekezera kuti tiana tobayidwa tife topanda kamwa, ndipo zikanatero ntchito yake ikanayenda bwinobwino. Koma ataona tili ndi kamwa titakwanitsa masiku asanu, anaganiza kuti watulukira chinthu chachilendo, kuti mluza umatha kudziboolera kamwa mochedwa ngakhale jini itazimitsidwa. Anasiya zonse n'kutsata zimenezo. Apulofesa anali atatumiza kale chidule cha nkhaniyo ku msonkhano wa akatswiri, dzina la mtsikanayo lili patsogolo. Ndipo pa ntchito yawo, kupezeka ndi tizilombo tabwinobwino m'mbale ya tobayidwa ndi mlandu woposa kuba. Amati wapeka. Akakutchula choncho kamodzi, palibe yunivesite imene ingakuyang'anenso.

"Ndiye ukawauze kuti ndine," ndinatero, mawu atatsika.

"Na ija kalata yanu? Muzachoka lelo lomwe." Anapukuta m'maso ndi mkono wa chovala. "Nizakamba kuti ninasokoneza machubu neka. Mailo m'mawa teni koloko nizapita kwa apulofesa. Kapena azanikhulupirira kuti ni ngozi. Imwe muli na vana ku sukulu."

"Kasanu ndi kawiri ngozi? Mzungu uja ndi wopusa?"

"Nkhani yasila, ankolo. Chokani, nifuna kukhala neka."

Mwana wa dzulodzulo kundithamangitsa m'chipinda changa. Ndinachoka.

Pa sitima ndi pa basi yopita ku Thamesmead sindinaone kanthu. Ndinkangoona posalala paja, ndere ikugunda n'kubwerera. Ndinafika dzuwa lisanalowe, chifukwa inali nyengo yotentha. Akazi anga anali atangoweruka, akusenda anyezi yunifolomu ili m'thupi. Ndinawafotokozera zonse, ndikuyembekezera kuti andithandiza kudabwa ndi nkhanza za anthu ophunzira. Anaika mpeni pansi.

"Bambo, mubwerezenso. Munatenga zabwinobwino n'kuika m'malo mwa zodwala?"

"Ndinabwezera choikiza. Bambo anga…"

"Asiyeni apongozi agone. Inu mukanakhala kuwodi kwathu, bwenzi mukutaya magazi a wodwala n'kuthiramo anu kuti adokotala asangalale."

"Mayi, musandiyankhule choncho! Anandiuza ndani kuti n'zopanda kamwa?"

"Inu munafunsa ndani? Pakamwa ponsepo, potukwanira alonda, panakanika kunena kuti mwanawe, tiana tako tikufa?"

Ndinamenya tebulo. Anyezi anagubuduka.

"Menyani ndithu," anatero. "Makoma a kuno ndi opyapyala, amve onse kuti mwamuna wanga akufuna kubisala kumbuyo kwa mwana wamkazi wa eni."

"Sindinamupemphe ine! Wadzipereka yekha!"

"Ndiye mwavomera?"

"Ntchito ikatha tidya chiyani? Mukufuna ndibwerere kokasintha matewera a nkhalamba?"

"Ine ndimasintha tsiku lililonse, sindinafe." Anatola anyezi pansi n'kumutsuka. "Akanakhala wathu uja ali kwa eni, bambo wina n'kumuchita zimenezi, bwenzi pano mukufunsa mtengo wa ndege kuti mukamuswe."

Chakudya chinandikanika. Chinandiwawa kwambiri n'chakuti sananame. Ndinayesa kudzikhululukira m'njira zonse. Ndinati mtsikanayo ndi wanzeru, apulofesa amamukonda, amukhululukira. Ndinati ine ndi wa zaka makumi asanu, wopanda pepala lina koma la folomu 4, ndani adzandilembenso? Zonsezo zinali zoona. Koma ndinkadziwanso mmene anthu a kuno amayang'anira munthu wakuda akalakwa. Salakwa yekha, amalakwira onse obwera pambuyo pake. Ndipo cholakwacho sichinali chake.

M'mawa ndinavala malaya oyera a kutchalitchi. Akazi anga anandiyang'ana, n'kundikonzera kolala. Ndinakwera basi yoyambirira. Pofika sindinatsikire kuchipinda chapansi, ndinakwera masitepe mpaka kuofesi ya apulofesa, kumene ndinali ndisanalowepo chiyambire. Inali isanakwane naini. Ndinawapeza akuvula chisoti cha njinga.

Anandiuza kuti ndikhale. Ndinakana. Ndinawauza m'Chingerezi changa cha ku sekondale kuti tiana tija sitinachire, ndine ndinkatisintha. Poyamba sanamve. Anaganiza kuti ndikunena zosintha madzi. Ndinatenga makapu awiri a tiyi patebulo pawo ndi cholembera, n'kuwaonetsa: kutapa umu, kudontheza umu. Nkhope yawo inafiira kuyambira m'khosi mpaka pamphumi.

"Chifukwa chiyani?" anafunsa.

Ndinayamba kufotokoza za mbuzi yamawanga, koma ndinaona kuti m'Chingerezi ikumveka ngati nkhani ya wamisala. Ndinangoti ndinkaopa kuti ndazipha ndine.

"Iye ankadziwa?"

"Wadziwa dzulo. Akubwera teni koloko kudzakunamizani kuti anasokoneza yekha, pofuna kunditeteza. Musamumvere. Mwana uja sananamepo pa ntchito yake, bodza lake loyamba ndi limenelo."

Anayang'ana makapu aja. Kenako anati za mtsikanayo ndisade nazo nkhawa, alembera a msonkhano kuti achotse chidule chija, ndipo ntchito ayambiranso. Za ine anati sangazibise, ayenera kuzipereka kwa abwana anga lero lomwe, ndipo ndikudziwa ndekha zimene zili m'kabati. Ndinati ndikudziwa.

Anatulutsa pepala n'kundipatsa cholembera chomwe chija. Anati ndilembe Lolemba lililonse limene ndinachita zimenezo, ndi manambala a mbale, kuti adziwe zotaya ndi zosunga. Apo ndiye ndinakhala pansi. Ndinalemba onse asanu ndi awiri, chifukwa mutu wanga sutaya nambala. Pansi pake ndinawonjezera kuti thanki ya pakona pampu yake imazima yokha, wina aziyiyang'ana masana. Ndinasaina, ndinavula khadi m'khosi, ndinaika pamwamba pa pepalalo pamodzi ndi makiyi a chipinda chapansi.

Potsika masitepe ndinakumana naye akukwera, atakumbatira buku lake la ntchito, maso otupa. Anayang'ana malaya anga, n'kuyang'ana pachifuwa pamene pamalendewera khadi.

"Ankolo, mwachita chani?"

"Pita, akukudikira," ndinatero. "Ndipo usakanene zopusa zako zija. Ndafika kale ine."